Wogula Akati Pulani Yanu Ndi Yolakwika: Mmene Mungapezere Pamene Pavuta

Malonda a mapulani a zipangizo amakopa munthu amene ali kale pa ntchito ina, kaya ndi mphunzitsi ku Luchenza, makaniko wa pa fakitale ya tiyi ku Thyolo, kapena mnyamata amene anamaliza maphunziro a ntchito zamanja ndipo akudikira maganyu pa Chitakale. Mumajambula kamodzi makina otongolera chimanga, oswera mtedza, choumitsira zipatso cha dzuwa kapena mng'oma wa njuchi, mumalengeza pa Facebook, wogula amalipira pa Airtel Money kapena pa TNM Mpamba, ndipo mumamutumizira fayilo pa WhatsApp popanda kulipira thiransipoti kapena lendi ya shopu. Vuto limene limabwerabwera m'malondawa limafika patapita masabata angapo, pamene wogula walemba kuti zitsulo sizikukumana, makina akuphwanya chimanga m'malo motongola, kapena zinanazi zawolera m'choumitsira, ndipo akufuna ndalama yake.

Wogulitsa wosazolowera amathamangira kubweza ndalama pofuna kuteteza mbiri, apo ayi amakalipa kuti mmisiri wa wogulayo sadziwa ntchito. Njira zonse ziwirizi zimasiya vuto lili pomwepo, ndipo mwezi wotsatira limabweranso ndi kasitomala wina. Chofunika kukumbukira n'chakuti wogula pulani nthawi zambiri si amene amadula chitsulo. Iye amatenga foni kapena pepala n'kupita nalo kwa wowotcherera wa pa Limbuli kapena kalipentala wa pa Bvumbwe, munthu amene simunalankhulepo naye, amene amagwiritsa ntchito zitsulo zimene zapezeka tsikulo ndi tepi imene ali nayo m'thumba. Pakati pa chojambula chanu ndi dzanja la mmisiri ameneyu pali malo angapo pamene miyezo imasochera, ndipo ndi bwino kuwafufuza motsatana, kuyambira amene salira ndalama, musanayambe kukayikira makina amene munawapanga ndi kuwayesa nokha.

Yankho loyamba

Musatsutse ndipo musavomere kulakwa musanaone kanthu. Pemphani umboni mwaulemu, mwa mawu onga awa: "Zikomo bambo potidziwitsa, ndipo pepani ndi vutoli. Chonde titumizireni chithunzi cha pepala lenilenilo limene amisiri agwiritsa ntchito, zithunzi za makinawo tepi itaikidwa pa mbali zimene sizikukumana, komanso chithunzi cha kachitsulo kolembedwa kamene kali pa mota. Ngati n'kotheka, mutipatsenso nambala ya amisiriwo kuti tilankhule nawo." Pempho lomalizali ndi limene limathandiza kwambiri, chifukwa wogula amangofotokoza zimene wamva, pamene mmisiri amadziwa chimene anagula ndi chimene anasintha. Muwaimbire ndi mayunitsi anu, pa nthawi imene kasitomala palibe, ndipo muyambe ndi kufunsa kuti anapeza chitsulo chotani ndipo anayeza kuchokera pati. Mmisiri wachikulire amene wawotcherera zaka zambiri sangavomere pamaso pa kasitomala wake kuti anasintha muyezo, koma pa awiri amanena yekha mosavuta.

Onani chimene chinafikadi m'manja mwa mmisiri

Chojambula chotumizidwa pa WhatsApp ngati chithunzi chimachepetsedwa kuti chisadye bandulo, ndipo manambala ang'onoang'ono amafufutika mpaka 38 kuoneka ngati 33, kapena 6 ngati 8. Zimaipiraipira wogula akajambula sikirini ya foni yake n'kutumiza chithunzicho kwa mmisiri. Mankhwala ake ndi kutumiza pulani ngati fayilo ya PDF, kulemba manambala akuluakulu, ndi kuika chigawo chimodzi cha makina pa tsamba lililonse m'malo mounjika zonse pa tsamba limodzi. Fayiloyo ikhale yopepuka, chifukwa kumadera a m'mapiri kumene netiweki imavuta, fayilo yolemera imakanika kutsika ndipo wogula amayamba kupempha zithunzi zomwe zija.

Kusindikiza nako kumasokoneza. Pepala limene timagwiritsa ntchito kuno ndi la A4, la mamilimita 210 m'lifupi ndi 297 m'litali, pamene mapulogalamu ena ojambulira amayambira pa pepala la ku America lotchedwa Letter, la mamilimita 216 ndi 279. Wosindikiza pa shopu amangolola kompyuta kuchepetsa chojambula kuti chikwane pa pepala, ndipo ngati tsambalo linali loti mmisiri alidule n'kulimata pa lata kuti atsate mzere wake, chitsulo chonse chimatuluka chochepa. Jambulani mzere wa mamilimita 100 pansi pa tsamba lililonse lotere, ndi mawu akuti auyeze ndi tepi asanadule kanthu. Pa chithunzi chimene wogula watumiza, mzere umenewu ndi umene muyenera kuuona poyamba. Kumbukiraninso kuti ambiri amasindikiza ndi inki yakuda yokha, kotero mzere wofiira wosonyeza popinda ndi wobiriwira wosonyeza podula zimatuluka zofanana. Siyanitsani mizereyo ndi madontho ndi mawu, osati ndi mitundu.

Mainchesi ndi mamilimita

Apa ndi pamene madandaulo ambiri amabadwira, ndipo mpofunika kudekha. Amisiri athu amatchula matabwa ndi mapaipi m'mainchesi ndi mafiti, koma malata ndi mabawuti ena amawatchula m'mamilimita, ndipo tepi imene ali nayo ili ndi miyezo yonse iwiri. Inchi imodzi ndi mamilimita 25.4, koma posintha ndi mutu aliyense amawerengera 25. Pa kachitsulo kakafupi kusiyanaku sikuoneka, koma pa felemu ya mainchesi 40 kumafika mamilimita 16, zokwanira kuti mabowo a mabawuti asakumane. Sankhani muyezo umodzi, makamaka mamilimita, ndipo muugwiritse ntchito pa pulani yonse popanda kusakaniza.

Kusiyana kwa mamilimita 0.4 kumeneku kumaononga kwambiri pa shafiti, ndodo yachitsulo imene imazungulira mkati mwa makina. Beringi (chitsulo chimene shafiti imazunguliramo) ya mtundu wa UCP205, imene imakonda kuikidwa pa makina ang'onoang'ono a zaulimi, ili ndi bowo la mamilimita 25, ndipo shafiti ya inchi imodzi singalowemo. Mmisiri amene wagula kale zonse ziwiri sabwerera ku shopu; amatenga gulainda n'kupala shafitiyo mpaka italowa. Shafiti yopalidwa ndi manja sikhalanso yozungulira bwino, makina amanjenjemera, beringi imatentha n'kutha msanga, ndipo wogula amaloza pulani. Mukamva kuti makina akugwedezeka, funsani funso limodzi ili musanafunse china: kodi shafiti inalowa yokha mu beringi, kapena inapalidwa?

Mapaipi ali ndi msampha wawo. Paipi ya madzi imene pa shopu amaitcha ya inchi imodzi ndi ya mamilimita pafupifupi 33 kapena 34 mukaiyeza kunja, ndipo ya hafu inchi ndi ya mamilimita pafupifupi 21. Pulani imene yangolemba kuti "paipi ya 25" ingamveke m'njira ziwiri, ndipo mmisiri sangaimbidwe mlandu posankha imene simunatanthauze. Lembani kukula kwa paipi poiyeza kunja, kuchindikala kwa khoma lake, ndiponso dzina limene ogulitsa amaitchulira. Onaninso mmene munaikira miyezo ya mabowo. Ngati bowo lililonse likuyezedwa kuchokera pa linzake, kulakwa kwa milimita imodzi kumaunjikana mpaka bowo lomaliza litasuntha kwambiri, pamene ngati onse akuyezedwa kuchokera pa nsonga imodzi ya chitsulo, kulakwa kwa bowo limodzi kumathera pomwepo. Nenaninso momveka ngati muyezo ndi wa mkati kapena wa kunja kwa felemu, ndipo ngati ukufika pakati pa bowo kapena m'mphepete mwake.

Zitsulo ndi matabwa zimene zinapezeka

Miyezo ikakhala yolondola koma makina akupindika kapena kuthyoka powotcherera, kayikirani kuchindikala kwa chitsulo. Chubu cha makona anayi cha khoma la mamilimita 1.6 ndi china cha 1.0 zimaoneka chimodzimodzi zikapakidwa penti, koma chopyapyalacho chimabooka ndi moto wa wowotcherera ndipo sichipirira kulemera kwa mota. Wogula amene ndalama zamuchepera amasankha chotchipa, nthawi zina mmisiri osamuuza n'komwe. Pemphani chithunzi cha nsonga yodulidwa ya chitsulocho tepi ili pomwepo. Pofuna kuti zimenezi zisabwerezeke, pulani ikhale ndi tsamba lonena mbali zimene munthu angasinthe popanda vuto, monga miyendo ndi chivindikiro, ndi mbali zimene sayenera kusintha, monga pokhala mota ndi pokhala maberingi. Popeza zitsulo zambiri zimagulitsidwa zotalika pafupifupi mamita 6, onetsaninso kadulidwe kake kuti zidutswa zonse zituluke, chifukwa mmisiri chitsulo chikamuperewera pang'ono amafupikitsa chidutswa chomaliza m'malo mouza kasitomala kuti agule china.

Matabwa amavuta koposa. Thabwa limene mapulani a ku America amalitcha 2 x 4 ndi la mamilimita 38 ndi 89, chifukwa limakhala lopalidwa kale, pamene la dzina lomwelo locheka kuno limakhala lalikulupo ndipo limasiyana ndi linzake la mu mtolo womwewo. Nthawi zambiri limakhalanso laliwisi, ndipo likauma limafota n'kupindika. Pa tebulo zimenezi zimapiririka, koma pa mng'oma wa njuchi wa timatabwa ta pamwamba sizipiririka, chifukwa kathabwa kalikonse kayenera kukhala ka mamilimita 32 kapena 33 m'lifupi kuti njuchi zathu zimange chisa chimodzi pa kathabwa kamodzi. Kakakula kapena kuchepa, njuchi zimamanga zisa zopingasa, ndipo mlimi sangatulutse kathabwa popanda kuphwanya zisa. Wodandaula za mng'oma afunsidwe kuti ayeze timatabwa khumi togundizana. Timatabwato tikapitirira kwambiri mamilimita 330, kapena tikachepera kwambiri pa 320, vuto lapezeka. Lembani mu pulani kuti matabwa akhale ouma ndi opalidwa, ndipo tchulani paini kapena mtengo wina wololedwa. Musalembe mkungudza wa m'phiri la Mulanje ngakhale umapirira chiswe, popeza ndi mtengo wotetezedwa umene watsala pang'ono kutha, ndipo pulani yanu isakhale chifukwa choti wina akaugule mozemba.

Mota ndi liwiro lake

Makina akamaphwanya mbewu kapena kuzisiya zosatongoka bwino, yang'anani kachitsulo ka pa mota kaja. Magetsi a ESCOM ndi a 230V ndi 50Hz, ndipo mota wamba wa makina otere amazungulira maulendo pafupifupi 1,450 pa mphindi. Mota wofanana naye ku America, kumene magetsi ndi a 60Hz, amazungulira pafupifupi 1,750, choncho pulani imene munatengera nzeru zake kumeneko imayenda pang'onopang'ono kuno ngati simunasinthe mapule, timagudumu timene lamba amayendapo. Chimene chimachitika kawirikawiri, komabe, n'chakuti wogula wapeza mota wakale wotchipa, mwina wochotsedwa pa pampu ya madzi, amene amazungulira pafupifupi 2,900. Masamu ake ndi apafupi: chulukitsani liwiro la mota ndi kukula kwa pule yake, kenako gawani ndi kukula kwa pule ya pa makina. Mota wa 1,450 wokhala ndi pule ya mamilimita 75, akamakoka pule ya mamilimita 300, amazunguza makina maulendo pafupifupi 360 pa mphindi, koma mota wa 2,900 pa mapule omwewo amawazunguza maulendo 725, ndipo mtedza umatuluka uli zidutswa. Injini yaing'ono ya petulo, imene ena amaikapo pothawa kuzimazima kwa magetsi, imathamanga kuposanso pamenepa. Pulani yabwino imalemba liwiro limene shafiti ya makina ikufuna, ndi mapule oyenera mota wa mtundu uliwonse, m'malo mongotchula mphamvu ya mota.

Funsaninso mbali imene shafiti ikuzungulira, chifukwa makina ena akazungulira chobwerera amangotafuna mbewu, ndipo kamuvi kamodzi pa chojambula kakanapewetsa zonsezi. Pomaliza funsani za mbewu yeniyeniyo. Chimanga chosauma bwino chimakanirira pa chitsononkho, ndipo mtedza wa Chalimbana wa maso akuluakulu umasweka pa sefa imene inapangidwira mtedza waung'ono. Zikatero makina alibe mlandu, koma pulani ili nawo pang'ono ngati sinanene mtundu wa mbewu imene munayesera.

Choumitsira chimene sichiumitsa

Mulanje ndi Thyolo ali pafupifupi madigiri 16 kummwera kwa equator, kotero m'miyezi yozizira dzuwa limadutsa chakumpoto, ndipo choumitsira chiyenera kuyang'ana kumpoto. Zolemba za ku Ulaya ndi ku America zimati chiyang'ane kummwera, zimene ndi zoona kwawoko, ndipo chiganizo chimenechi chimalowa m'mapulani a kuno mwa kungokopera. Mukatsimikiza mbali, funsani za mabowo a mpweya. Amisiri ambiri amawatseka kapena kuwachepetsa ndi mtima wabwino, poopa ntchentche ndi mvula, osadziwa kuti chimene chimaumitsa chipatso ndi mpweya wofunda umene ukulowa pansi n'kutuluka pamwamba utanyamula chinyezi. Bokosi lotsekedwa limatentha kwambiri koma limangophika zipatso, ndipo madontho a madzi pansi pa pulasitiki ndiwo chizindikiro chake. Lembani pa chojambula pomwepo chifukwa chimene bowo lililonse lilipo, ndi kuti litchingidwe ndi neti, osati thabwa. Munthu akadziwa ntchito ya bowo salitseka.

Zina ndi za nyengo, ndipo apa wogulitsa ayenera kusamala ndi malonjezo ake. Mango amapsa mvula ikuyamba, ndipo m'miyezi ya chisanu chiperoni chimatha kuphimba dera lonse la tiyi masiku angapo motsatizana. Pulani yolonjeza kuti zipatso ziuma m'masiku awiri, popanda kunena za mitambo kapena kuti zidulidwe zopyapyala pafupifupi mamilimita 5, ikuitana yokha madandaulo.

Wodandaula amene sanagule kwa inu

Fayilo ya PDF imayenda m'magulu a WhatsApp popanda chilolezo chanu, ndipo tsiku lina mudzalandira dandaulo kuchokera kwa munthu amene anailandira kwa mlamu wake, mwinanso ili yakale imene munaikonza kale. N'chifukwa chake tsamba lililonse liyenera kukhala ndi nambala ya kope, tsiku limene munalikonza ndi dzina la wogula, ndipo inu mukhale ndi kaundula wa amene anagula, tsiku, ndi kope limene analandira. Kaundulayu mulembemo mutaona kuti ndalama yalowadi mu akaunti ya foni yanu, osati mutangoona uthenga wotumizidwa ndi wogula, poti mauthenga onama a ndalama za pa foni ndi odziwika kale. Lamulo la Copyright Act la 2016 limateteza zojambula ngati zimenezi, ndipo bungwe la COSOMA ndi limene limayang'anira nkhani za umwini wa ntchito zaluso m'dziko muno, koma kuthamangitsa aliyense wogawa fayilo kungakudyereni nthawi ndi ndalama zoposa mtengo wa pulaniyo. Chanzeru ndi kuuza wodandaulayo mwaulemu kuti thandizo ndi kope latsopano zimaperekedwa kwa ogula, n'kumupatsa mwayi wogula. Chimene fayilo yogawidwa ilibe ndi munthu woyankha mafunso a mmisiri, ndipo chimenecho ndiye mbali yaikulu ya zimene mukugulitsa.

Lamulo lomweli limakukhudzaninso inuyo. Pulani yotengedwa pa intaneti n'kungoisintha dzina ili ndi mwini wake, ndipo ngakhale zina zimaperekedwa ndi chilolezo choti aliyense agwiritse ntchito, si zonse zimene zimalola kugulitsa. Kuwonjezera apo, pulani imene simunaipangepo ndi manja anu simungathe kuiteteza kapena kuikonza dandaulo likabwera.

Pamene cholakwa chili mu pulani

Mukafufuza zonsezi n'kupeza kuti pepala linasindikizidwa bwino, zitsulo ndi zoyenera, mota ndi wolondola, koma mbali ziwiri sizikukumanabe, yezaninso makina anu enieni n'kuyerekeza ndi chojambula. Kawirikawiri mudzapeza kuti popanga makina oyamba munasuntha bowo kapena kuwonjezera kachitsulo, koma simunabwerere kukakonza pa pepala. Konzani, sinthani nambala ya kope, ndipo tumizani latsopanolo kwaulere kwa onse amene ali mu kaundula, osati kwa wodandaula yekha, mukunena momveka tsamba ndi muyezo umene wasintha. Wodandaulayo mubwezereni ndalama ya pulani, ndipo ngati chitsulo chaonongeka chifukwa cha muyezo wanu, kambiranani zomuthandiza pa mtengo wake. Musanagulitsenso, perekani pulani yokonzedwayo kwa mmisiri amene sanaonepo makinawo, musamufotokozere kanthu, ndipo lembani funso lililonse limene angafunse, chifukwa funso lililonse likusonyeza pamene pepala silikulankhula lokha.

Dandaulo lakuti zipangizo zadula kuposa mmene pulani inanenera limapeweka polemba kuchuluka kwa zofunika m'malo mwa mitengo yake. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo mtengo uliwonse wa chitsulo wolembedwa izi zisanachitike unasanduka wosocheretsa. Ngati mukufunabe kupereka chithunzithunzi cha mtengo, lembani mwezi, chaka ndi malo amene munafunsa.

Cholakwa chokhudza chitetezo cha anthu sichidikira uthenga wolemba. Ngati mwazindikira kuti pulani ilibe chotchingira lamba ndi mapule, sinanene za waya wa earth pa felemu yachitsulo, kapena inalangiza kudula mgolo popanda kuchenjeza kuti mgolo umene munali mafuta ungaphulike ukagundidwa ndi moto ndiponso kuti umene munali mankhwala a m'munda suyenera kukhudza chakudya, imbirani wogula aliyense tsiku lomwelo, mumuuze kuti aimitse makinawo kufikira atakonzedwa, kenako mutumize tsamba lokonzedwa ndi kupempha chithunzi chosonyeza kuti chotchingiracho chaikidwa.